Rula yopinda ndi tepi: kayezedwe kosaononga bodi pa ganyu muno mu Joni

Ntchito zambiri zimene amisiri a kwathu amapatsidwa muno mu Johannesburg ndi zolowetsa chinthu pamalo pomangidwa kale: kabati pakati pa makoma awiri m'khitchini ya ku Randburg, zitsulo zotchinga akuba pa mawindo a nyumba yakale ku Rosettenville, chitseko m'felemu ya kachipinda ka kuseri ku Cosmo City. Ntchito zotere zilibe chisoni. Bodi ikadulidwa mopereweza ndi 5 mm simungaiwonjezere, ndipo mwini nyumba sakugulirani ina. Ndalama ya bodi yatsopano ichoka pa ganyu wanu.

Pafupifupi mmisiri aliyense ali ndi tepi m'thumba, koma ndi ochepa amene ali ndi rula yopinda. Ambiri amaiona ngati chida cha agogo. Zoona zake n'zakuti zida ziwirizi sizigwira ntchito imodzi. Tepi ndi yoyezera kunja ndi kutali. Rula yopinda ndi yoyezera m'kati, mmwamba, m'dzenje ndi pafupi. Amene ali nazo zonse ziwiri, ndipo akudziwa nthawi yosiya china n'kutenga chinzake, saononga matabwa kawirikawiri.

Dziwani kaye zimene muli nazo m'manja

Rula yopinda yofala kwambiri ndi ya mamita 2, ya zigawo 10, chigawo chilichonse 200 mm kuchoka pa mfundo kufika pa mfundo inzake. Imapangidwa ndi mtengo wolimba kapena pulasitiki yosakaniza ndi ulusi wa galasi, ndipo pa mfundo iliyonse pali kachitsulo kamene kamati "kha" chigawo chikawongoka. Ilipo inanso yakale ya Angelezi, ya mita imodzi yopinda panayi, imene akalipentala achikulire amaikumbukira. Ku Germany ndi ku Sweden rula yopinda ndiyo mmisiri amayamba kuitulutsa m'thumba, tepi pambuyo. Kampani ya Hultafors ya ku Sweden yakhala ikuipanga kuyambira 1883, ndipo Stabila ya ku Germany inayamba mu 1889. Kuno si sitolo iliyonse ya zomangira imene ili nayo. Muifunse ku masitolo akuluakulu a zida kapena muiitanitse pa intaneti. Mukaipeza, itambasuleni yonse musanalipire. Mfundo imodzi yokha ikakhala yogwedera, isiyeni.

Tepi ya sipuling'i nayo si yadzulo, James Chesterman wa ku Sheffield anailembetsa mu 1829. Ili ndi lamba wachitsulo wokhota ngati ngalande, kambedza kumapeto, loko ndi kabokosi. Kukhotako n'kumene kumachititsa kuti lamba aime yekha mumpweya. Lamba wa 25 mm m'lifupi amaima pafupifupi mamita awiri asanagwe, wa 19 mm amagwa msanga, pomwe wa 13 mm ndi woyezera tinthu ta patebulo basi. Pa ntchito za m'nyumba tepi ya mamita 5 ikukwanirani. Womanga ndi wokhoma denga atenge ya mamita 8, ndiponso ina yaitali ya mamita 30 yoyezera maziko.

Yang'anani pa masentimita oyambirira a chida chanu. Zida zopangidwa potsatira muyezo wa ku Ulaya zimakhala ndi chilembo I, II kapena III. Imeneyo ndi kalasi, ndipo ikukuuzani malire a kuphonya kumene fakitale imaloledwa. Tepi ya kalasi II ikhoza kuphonya ndi 0.7 mm pa mamita 2, ndi 1.3 mm pa mamita 5. Marula opinda ambiri ndi a kalasi III, kutanthauza 1.4 mm pa mamita 2. Ndiye tisanamizane kuti rula ndi yolondola kuposa tepi. Zilembo zake sizolondola kuposa za tepi yabwino. Mphamvu yake ili pa kuuma: siipindika pangodya, siigwa, ndipo ziro wake sasuntha. Zolakwa zikuluzikulu pa ntchito sizichokera ku fakitale. Zimachokera kumapeto kwa chida, pamene chakhudza khoma, ndi m'maso mwa woyeza.

Chenjezo kwa ogula matepi otchipa m'misika ya m'tauni: ena ali ndi mbali yooneka ngati ya mainchesi pomwe ndi muyezo wa ku China, umene gawo lake limodzi ndi 33.3 mm. Inchi yeniyeni ndi 25.4 mm. Onani pamene pagwera nambala 1 poyerekeza ndi mbali ya mamilimita, mudziwa pomwepo.

Kuyesa zida ntchito isanayambe

Izi zimatenga mphindi ziwiri. Chitani Lolemba lililonse, komanso tepi ikangogwa kuchokera pa makwerero.

1. Pezani thabwa lowongoka lodulidwa bwino kumapeto. Kolani kambedza kumapetoko, kokani, lembani mzere wopyapyala pa 500 mm.
2. Tengani kachidutswa ka thabwa, kagundikizeni kumapeto kuja ngati khoma, kankhirani kambedza pa kachidutswako, muwerengenso pa mzere womwe uja. Muyenera kupeza 500 mm yomweyo.
3. Tambasulani rula, ikani ziro wake molingana ndi mapeto a thabwa, muone ngati 500 yake ikugwera pa mzerewo.
4. Gonekani tepi ndi rula pamodzi, muyerekeze pa 1000 ndi pa 2000.

Mukapeza kusiyana kopitirira 1 mm pa mita yoyamba, chimodzi mwa ziwirizo chavulala, ndipo kawirikawiri ndi kambedza ka tepi kamene kapindika. Kawongoleni pang'onopang'ono ndi pulayala kuti kakhale sikweya ndi lamba, kenako yesaninso.

Apa pali cholakwa chimene chaononga matepi ambiri abwino. Munthu amaona kambedza kakugwedera, n'kuganiza kuti tepi yatha, ndiye amatenga hamala n'kukhoma timisomali take kuti kalimbe. Musatero. Kambedza kanapangidwa kuti kazisuntha pafupifupi 1 mm, molingana ndi kunenepa kwa chitsulo chake. Mukakola ndi kukoka, kamatuluka kuti muyezo uyambire m'kati mwake. Mukakankhira kukhoma, kamalowa kuti muyezo uyambire kunja kwake. Mukakakhoma, umodzi mwa miyezo iwiriyi uziphonya ndi milimita tsiku lililonse. Vuto lenileni ndi pamene timabowo takula chifukwa cholola tepi kubwerera mwaliwiro n'kumenya kabokosi. Kambedza kakamasuntha 2 mm kapena 3 mm, tepiyo ipatseni ntchito yoyeza mchenga ndi maenje, osati makabati.

Ngati mukugwira awiri kapena atatu, yerekezani matepi anu onse m'mawa. Wina akayeza ndi tepi yake, wina n'kudula ndi yake, kusiyana kwa milimita imodzi ndi theka kumaoneka pa zitseko za kabati zikayandikana. Chida chimene mwayezera malo ndi chomwecho mulembere podula.

Kuyeza m'kati mwa makoma awiri

Pano ndi pamene ganyu wambiri amaonongekera, ndiye tikhalitsapo.

Chizolowezi cha ambiri ndi kukankhira kambedza ku khoma lakumanzere, kukoka tepi mpaka ku khoma lakumanja, kuipinda pangodya n'kuwerenga pokhota. Lamba wachitsulo safika m'ngodya, amazungulira. Nambala imene mukuwerenga pamenepo ndi yongoganizira, ndipo kuphonya ndi 3 mm kapena 5 mm n'kosavuta. Kupindako kumathyolanso lamba pakapita nthawi.

Njira ya rula ili motere. Tambasulani zigawo zokwanira kupitirira theka la mpatawo. Gundikizani ziro ku khoma lakumanzere, rula itagona pa chinthu chowongoka kapena motsatira mzere wa levulo. Lembani chizindikiro pa nambala yosavuta, tinene 1000. Tembenuzani rula, gundikizani ziro ku khoma lakumanja, muwerenge pa chizindikiro chija. Mukapeza 437, mpatawo ndi 1437 mm. Palibe kupinda, palibe kuganizira, mbali zonse ziwiri chida chagunda khoma ndi mutu wolimba. Ngati khoma ndi lopentedwa kale, matani kapepala komata n'kulemba pamenepo, musadetse khoma la eni ake.

Marula ena ali ndi kachitsulo kotsetsereka m'chigawo choyamba. Mumatambasula zigawo mpaka patatsala pang'ono, n'kukankha kachitsuloko kuti kagunde khoma, kenako kuphatikiza manambala awiriwo. Ngati yanu ilibe, timitengo tiwiri towongoka tosongola kumapeto timagwira ntchito yomweyo: tigonekeni pamodzi, tsetserezani mpaka kalikonse kagunde khoma lake, timangeni ndi kalampu, titulutseni n'kuyeza panja.

Muli ndi tepi yokha? Njira ya chizindikiro chapakati imagwiranso ntchito ndi tepi. Njira ina ndi kugundikiza kumbuyo kwa kabokosi ku khoma, kutseka loko, kuwerenga pakamwa pa kabokosi, n'kuwonjezera kutalika kwa kabokosiko. Nambalayo inalembedwa pansi kapena pambali pake, ndipo imasiyana tepi ndi tepi, ndiye musaloweze ya tepi yakale n'kuigwiritsa pa yatsopano.

Muyezo umodzi sukwana. Yezani malo atatu m'lifupi: pansi, pakati, pamwamba. Ngati ndi mpata wa kabati, yezaninso kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa pulasitala amanenepa m'ngodya ndipo kumbuyo kumakhala kopanikiza. Tengani nambala yaing'ono pa zonsezo. M'nyumba zakale za ku Kensington, Yeoville kapena Turffontein, zimene zambiri zinamangidwa dziko lino likadali pa mafiti ndi mainchesi, si zachilendo kupeza pamwamba ndi pansi pakusiyana ndi sentimita yathunthu. Pa kabati yolowa pakati pa makoma, chotsani 10 mm mpaka 20 mm pa nambala yaing'onoyo, mpata wotsalawo mudzautseke ndi kathabwa kodula motsatira khoma. Pa galasi la windo la chitsulo chotsani pafupifupi 3 mm m'litali ndi m'lifupi kuti galasi lisapanikizike. Galasi lolimbitsidwa ndi moto, ngati la m'bafa, silidulikanso likachoka ku fakitale, ndiye pamenepo yezani kawiri ndi zida zonse ziwiri.

Samalani kuti chida chagona mowongoka. Pa mpata wa 600 mm, mbali imodzi ikakwera ndi 50 mm, muwerenga 602. Pa mamita atatu, kupendekeka kwa 200 mm kumawonjezera pafupifupi 7 mm. Kupendekeka nthawi zonse kumakupatsani nambala yaikulu, ndipo chinthu chodulidwa pa nambala imeneyo chimakana kulowa.

Kuyeza kunja ndi kulemba podula

Apa tepi ndiye mwini bwalo. Bodi ya melamine imene imagulitsidwa kwambiri kuno ndi 2750 x 1830 mm, pulayiwudi ndi 2440 x 1220 mm, ndipo rula ya mamita 2 siifika kumapeto. Kolani kambedza, kokani lamba motsatira m'mphepete mwa bodi, osati mopingasa.

Polemba, pendeketsani lamba kuti m'mphepete mwake mukhudze thabwa. Chifukwa cha kukhota kuja zilembo zimakhala m'mwamba pang'ono, ndipo mukayang'ana chammbali mulemba pena. Rula nayo ili ndi vuto lomwelo, popeza ndi yonenepa pafupifupi 3 mm. Iimikeni chammbali kuti timizere take tifike pa thabwa penipeni. Diso likhale pamwamba pa nambala.

Pensulo ikhale yosongoka. Pensulo ya kalipentala yobuntha imalemba mzere wa milimita kapena kuposa, ndipo simudziwa ngati muyezo uli kumanzere, pakati kapena kumanja kwa mzerewo. Lembani chizindikiro cha V, nsonga yake igwere pa nambala, kenako jambulani mzere ndi sikweya. Ikani X mbali yotaya. Sowo yamagetsi imadya pafupifupi 3 mm, ndipo iyenera kudya mbali ya X. Pa chifukwa chomwechi musalembe zidutswa zisanu motsatizana pa thabwa limodzi n'kuyamba kudula. Chachiwiri chiperewera ndi 3 mm, ndipo zotsatira zake zonse ziphonya. Lembani chimodzi, dulani, lembani china.

Pamene mukufuna kulondola kwenikweni, kapena palibe pokola, siyani kambedza muyambire pa 100 mm. Ikani 100 pa chiyambi, werengani kumapeto, chotsani 100. Njirayi ndi yabwino koma ili ndi msampha: tsiku lotopa mudzaiwala kuchotsa, ndipo thabwa lidzatalika ndi 100 mm, kapena polemba mudzaiwala kuwonjezera n'kulifupikitsa. Lembani nambala yomaliza papepala musanagwire sowo.

Ambiri masiku ano sadula okha, amapereka mndandanda ku sitolo ya mabodi kuti makina adule ndi kumata m'mphepete. Kumeneko amafuna mamilimita okha. Lembani 568, osati 56.8, osatinso "hafu mita ndi pang'ono". Ngati bodi ili ndi maluwa a mtengo, mizere yooneka ngati ya thabwa, afunseni nambala imene amaiwerenga kuti ikutsata maluwawo, ndipo afunseninso ngati amachotsa okha kunenepa kwa chomatira cha m'mphepete, chifukwa cha 2 mm chimasintha muyezo wa chitseko. Kumbukirani kunenepa kwa bodi: kabati ya 600 mm kunja, ya bodi ya 16 mm, shelefu yake ndi 600 kuchotsa 32, kutsala 568. Chitseko chake chikhale 596 kapena 597 kuti chisakhulane ndi chinzake.

Kwathu timakonda kunena matabwa m'mainchesi ndi malata m'mafiti. Kuno mapulani onse ali m'mamilimita, ndipo matabwa a paini amatchulidwa 38 x 38, 38 x 114, 50 x 76. Ngakhale chitseko chofala, 813 x 2032 mm, ndi mainchesi 32 ndi 80 ongosinthidwa. Zolowerani kuganiza m'mamilimita kuyambira poyeza mpaka pogula. Kusintha uku ndi uku pakati pa ntchito n'kumene kumabweretsa zolakwa.

Mmwamba, m'dzenje ndi pansi pa levulo

Kuyeza kuchoka pansi kufika kusiling'i muli nokha, tepi imagwa n'kukumenyani kumaso. Lembani mzere pa khoma pa 1000 mm kuchoka pansi, kenako tambasulani rula, gundikizani ziro kusiling'i, muwerenge pa mzerewo, phatikizani. Simufunika makwerero. Chimodzimodzi poyeza kuya kwa ngalande ya paipi, dzenje la mzati wa geti, kapena kumbuyo kwa chitofu kumene dzanja silifika: rula imalowa yowongoka n'kugunda pansi.

Oika mapaipi a zonyansa, rula ndi bwenzi lanu. Paipi ya 110 mm ambiri amaiika motsetsereka 1 pa 40, kutanthauza 25 mm pa mita iliyonse. Ikani mutu umodzi wa levulo ya mita imodzi pa paipi, kwezani mutu winawo mpaka kathovu kakhale pakati, imikani rula pansi pa mutu wokwezedwawo. Ikawerenga 25, mwakhoza. Ndi tepi mungafunike dzanja lachitatu.

Omanga njerwa nawonso. Njerwa wamba ya kuno ndi 222 x 106 x 73 mm, ndipo ndi matope a 12 mm mzere uliwonse umakwera 85 mm. Imikani rula pangodya: 85, 170, 255, 340, 425, mizere khumi ikhale 850. Chabwino koposa ndi kusamutsira manambalawa pa thabwa lowongoka la 38 x 38 n'kulicheka pang'ono pa mzere uliwonse, kuti rula isamakhale m'matope. Polemba thabwalo musamasunthe chida 85 ndi 85. Chigoneke kamodzi, mulembe manambala ophatikiza. Mukasuntha kakhumi, kuphonya kwa theka la milimita kumasanduka 5 mm. Lamulo lomweli ligwire ntchito pa mitanda ya denga, pa zitsulo za mpanda ndi pa masitepe. Malamulo omangira a dziko lino, SANS 10400, amati sitepe isakwere kupitirira 200 mm ndipo popondapo pasachepere 250 mm. Masitepe osiyana msinkhu amagwetsa anthu, chifukwa phazi limazolowera yoyamba.

Rula imathanso kukopera ngodya. Pa khoma losakhala sikweya kapena pa denga lopendekeka, pindani chigawo choyamba kuti chigone pa mbali imodzi, chachiwiri pa mbali inayo, ichotseni mosamala, jambulani ngodyayo pa thabwa. Zimatheka ngati mfundo zili zolimba, ndipo muyese pa chidutswa chotaya musanadule chenicheni.

Koma rula ikhale yowongoka yonse. Mfundo yapakati ikakhota moti pakati papatuka ndi 50 mm, mamita 2 aja afupika ndi 2.5 mm. Mvetserani kulira kwa mfundo iliyonse potambasula.

Pafupi ndi magetsi

Lamba wa tepi ndi chitsulo, ndipo amagwa mosayembekezeka. Musamutambasule pafupi ndi bokosi la magetsi lotsegula, pafupi ndi mpanda wamagetsi umene uli pa makoma ambiri a m'mayadi muno, kapena padenga pamene nthambo zadutsa pafupi. M'zipinda za kuseri zambiri nthambo zinalumikizidwa mwachisawawa, zina zili zosenda, ndipo 230 V imapha. Rula ya mtengo wouma kapena ya pulasitiki ndi yabwinoko pamalo otere, komabe ambiri mwa marulawa ali ndi zitsulo pa mfundo ndi kumapeto, ndipo mtengo wonyowa umadutsa magetsi. Zimitsani kaye pa swichi yaikulu, muyese kuti azimadi, kenako yezani.

Maziko ndi mitunda yaitali

Pano rula ibwerere m'thumba. Kuisuntha katatu kuti muyeze mamita 6 ndi kuitana zolakwa. Khomani zikhomo, mangani chingwe, khomani msomali pamwamba pa chikhomo. Kabowo kamene kali pa kambedza ndi kokolera mutu wa msomali, kuti muthe kuyeza muli nokha.

Kuti ngodya ikhale sikweya, yezani mamita 3 mbali imodzi, mamita 4 mbali inayo, ndipo mopingasa pakhale mamita 5 ndendende. Pamalo opanikiza gwiritsani 600, 800 ndi 1000 mm, ngakhale kuti katatu kakakulu ndiko kolondola. Mukamaliza ngodya zonse zinayi yezani mopingasa mbali zonse ziwiri. Manambala awiriwo afanane. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse chimapereka 4243 mm. Mukalekerera 30 mm pa maziko, woika matailosi ndi wokhoma malata adzavutika nazo mpaka kumapeto.

Tepi yaitali ikokedwe bwino ndipo isalendewere pakati, chifukwa kulendewera kumawonjezera nambala. Ya ulusi wa galasi imatanuka mukaikoka mwamphamvu. Yachitsulo imamvera kutentha: inakonzedwa kuti ilondole pa madigiri 20, ndipo mita iliyonse imatalika pafupifupi 0.0115 mm pa digiri iliyonse yowonjezera. Tepi ya mamita 30 yogona pa konkire yotentha madigiri 40 mu December imatalika ndi pafupifupi 7 mm. M'mawa wa June, chisanu chitagwa, pa madigiri 5, imafupika ndi 5 mm. Pa kabati zimenezi musazilabadire, pa mamita 5 ndi milimita imodzi yokha. Pa mpanda wautali kapena pa zitsulo zodulidwira kwina zili ndi kanthu, ndiye yezani zonse nthawi imodzi ya tsiku ndi tepi imodzi.

Zozungulira nazo ndi za tepi. Zungulizani tepi pa thanki kapena mzati, nambala imene mwapeza muigawe ndi 3.14, mupeza kukula kwake pakati. Pa paipi yaing'ono lamba wokhota sagona bwino. Zungulizani kapepala, lembani pokumana, katambasuleni n'kukayeza ndi rula: 157 mm ndi paipi ya 50, 346 mm ndi ya 110.

Kusamala zida

Tepi imafa ndi zinthu zitatu: mchenga, madzi ndi kubwerera mwaliwiro. Mvula ya kuno imagwa mwadzidzidzi masana kuyambira October mpaka March, ndipo lamba wonyowa akalowa m'kabokosi sipuling'i imachita dzimbiri. Mupukuteni ndi kansanza pamene akubwerera, chala chili pa loko kuti afike pang'onopang'ono. Fumbi la simenti limafufuta manambala a mita yoyamba, amene ndi omwe mumawagwiritsa kwambiri. Lamba akang'ambika m'mphepete amacheka chala ngati lezala. Imeneyo itayeni, musaimate.

Rula itambasuleni chigawo chimodzichimodzi kuyambira ku ziro, dzanja lili pafupi ndi mfundo. Kuikoka zigawo zitatu nthawi imodzi n'kumene kumaithyola. Musatsegulire nayo chitini cha penti, musatakasire nayo guluu, ndipo musaiike m'thumba lakumbuyo pokwera takisi. Dontho limodzi la mafuta a makina osokera pa mfundo iliyonse, kamodzi pa miyezi ingapo, likukwana. Pukutani otsala kuti asagwire fumbi. Yamtengo ikanyowa, iumitseni pamthunzi ili yotambasula, osati padzuwa kapena pa hita, chifukwa imapindika. Onaninso mutu wake wa ku ziro: ngati kachitsulo kakumapeto kachoka ndipo mtengo wayamba kudyeka, miyezo yonse ya m'kati iziwerenga mopitirira, ndipo mashelefu anu azikana kulowa. Mukaona zimenezo, itembenuzeni muyesere mutu winawo pa thabwa lija la mzere wa pa 500 mm, kapena gulani ina lisanafike tsiku loyeza galasi.